Tonde ndi Chitseko cha Galasi

Pamzere wa kuchigayo cha mpunga ku Likangala, mayi wina ankacheza ndi bambo amene sankamudziwa.

"Dzulo tikanalira maliro, bambo. Tonde wina anadziona pagalasi la chitseko cha tchalitchi chathu, n'kuyesa ndi mnzake. Anabwerera m'mbuyo n'kuligunda ndi nyanga. Mdzukulu wanga Tamara anali m'katimo, atatsamira chitsekocho."

"Anavulala kwambiri?"

"Ayi, olo kukalika. Galasilo linangochita ming'alu ngati ukonde wa kangaude, osayoyoka. Amisiri akuti ndi magalasi awiri omatana, pakati pali kapepala ka pulasitiki kogwira zidutswa."

"Mulungu ndi wamkulu. Ndiye mwanayo alidi bwino?"

"Ndamusiya akusewera. Koma mwini mbuziyo ndikadzamuona, adzandidziwa."

"Mwamuona kale, mayi. Usiku wonse sindinagone, ndimaopa kufunsa."