Abuluzi Awiri, Nyale Imodzi

Mzere wa kwa dokotala wa ziweto m'tauni ya Mildura sumayenda Lolemba, ndipo ine ndinali ndi mphaka wolira m'basiketi. Patsogolo panga bambo wina ankangopondaponda atafungata katoni, mayi wachikulire akumuyang'ana. Kenaka mayiyo anamuyankhula.

"Bambo, mutiponda. Muli chiyani m'katonimo?"

"Buluzi wandevu, mayi. Sabata yachiwiri osadya. Ndi wa mwana wanga Tahlia. Akafa buluziyu, kunyumba sindikalowako."

"Amakhala yekha?"

"Ayi, ndi mkulu wake, bokosi lagalasi limodzi. Amakondana zedi! Wamkuluyo amagona pamsana pa uyu tsiku lonse, pansi pa nyale yowatenthetsa."

"Kukondana? Akumuphangira kutentha! Buluzi wosaothera sadya. Tatsegulani ndione. Zala ziwiri apa zapita kuti?"

"Ndimayesa zinathothoka pofundula."

"Zili m'mimba mwa mkulu wakeyo."

"Koma uyu amamukwezera dzanja, kumupatsa moni!"

"Moni wa chiyani? Kumeneko n'kupepesa kuti musandidye, bwana."

"Wogulitsa uja anati akakhala awiri sasungulumwa."

"Mumati anene chiyani, munthu ali pamalonda? Ine ndaweta amenewa zaka khumi ndi zisanu. Aliyense bokosi lake, nyale yake, lero lomwe."

"Malo ndilibe, mayi, nyumba ndi yaing'ono."

"TV muli nayo?"

"Eya, pakabati."

"Malo ndi amenewo."

"Nanga mpira wa Loweruka?"

"Mukaonere kwa aneba. Apo ayi, mukamuuze nokha Tahlia wanuyo kuti buluzi wake wafa."

Bamboyo anasuzumira m'katoni, n'kutulutsa foni.

"Halo, Narelle? Tatsitsa TV ija pakabatipo. Ayi, mkazi wanga, siinawonongeke. Ingotsitsa."