Chibwibwi cha Malemu Mkwanda

LOLEMBA

Sendezani wailesi pafupi inu a ku Machinga ndi ku Balaka, nthawi ya zilengezo yakwana.

Mayi Martina Mkwanda a ku Ngokwe akudziwitsa abale ndi abwenzi a ku Nsanama, ku Nkaya ndi kunyanja ya Chiuta kuti kanema wa ukwati wa mwana wawo Monica, amene anaonetsedwa Loweruka pa mwambo wa chiliza cha amuna awo, malemu a Japhet Mkwanda, ndi wabodza. Aliyense amene ali naye m'foni afufute. Mayiwa akuti chibwerereni mkamwini wawo Mwai pamudzipo, akakumana panjira mmodzi amapatuka. Koma m'kanemamo akuoneka atamukumbatira, mpaka kumupsompsona patsaya, akumpingo onse akuonerera. Chowawa kwambiri ndi ichi: malemuwo anali achibwibwi, Ngokwe yonse ikudziwa, koma m'kanemamo akulangiza mwana wawo mosalala ngati ine pano. Mawu a mayiwa ndi awa: "Nkhope ndi yawo, jekete ndi lawo, koma amene uja si mwamuna wanga, iyayi." Chilengezochi chachokera kwa mayi Martina Mkwanda ndi ana.

A Blasius Makwinja, ojambula makanema pa Nsanama, aja mwazolowera kumva tikuti "Blasius ndi Raymond", akupepesa banja la a Mkwanda. Akuti ukwatiwo anajambula okha ndi kamera, kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani. Atagonekedwa m'chipatala ndi vuto la maso, memore khadi ya ukwatiwo anaisiya m'manja mwa mnzawo wa pantchito, a Raymond Likaka, munthu amene akhala akudyera naye mbale imodzi. Ntchito ya a Raymond inali yodziwika: kukhala pa kompyuta, kudula pamene kamera inagwedezeka, kulumikiza, kuika nyimbo. Imadya masabata, msana umachita kuuma, koma chimene kamera sinaone sungachiikemo. A Blasius akuti kanemayo anamuona koyamba pamodzi ndi anamfedwa, atawakhazika pampando wa alendo olemekezeka, ndipo anasowa poika nkhope. A Raymond sakuyankha foni. Amene angawaone awauze kuti mlandu palibe, angobweza khadiyo, chifukwa mawu amene malemu anauza Monica tsiku lija ali mmenemo, kwina kulibe. Chilengezochi chachokera kwa a Blasius Makwinja, m'malo mwa Blasius ndi Raymond.

LACHITATU

A Raymond Likaka akudziwitsa makasitomala onse kuti sanasowe, atsegula malo awoawo pafupi ndi siteshoni ya Nkaya. Kumeneko kamera siyofunika. Mubweretse zithunzi ziwiri zitatu, munene zimene mukufuna, ndipo makina a AI akupangirani kanema musanamalize chimanga chootcha. Fumbi amachotsa, dazi amaphimba, tchalitchi cha udzu amachifolera malata. Za khadi ija akuti a Blasius asadzivute, anaifufuta kalekale atasowa pojambulira mpira. Alemba motere: "Achimwene, kanema wanu uja anali wautali, ana kulira, mbuzi kudutsa, bambo aja liwu limodzi mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinangowachitira ulemu." Akuti ngati mayi Mkwanda akufuna chibwibwicho, makina akhoza kuikamo, ndipo sawalipiritsa. Chilengezochi chachokera kwa a Raymond Likaka.

Ine yanga ndi kuwerenga basi, omvera, koma pepala limeneli landiwawira m'kamwa. Tipitirize.

A Blasius Makwinja akupempha onse amene anali pa ukwati wa Monica ndi Mwai ku Ngokwe, akwaya, ophika, ngakhale ongodzera mpunga, kuti afufuze m'mafoni mwawo. Kaya kanemayo ndi wamdima, kaya ndi wopendekeka, bola muli mawu a malemu, afike naye pa Nsanama moyang'anana ndi msika. Kwa a Raymond akuti: "Kompyuta ndinakuphunzitsa ndine, pa ukwati wako mboni ndinali ine. Ukanangonena kuti watopa, Ray, ndikanadula ndekha ndi diso limodzi lomweli." Chilengezochi chachokera kwa a Blasius Makwinja.

LACHISANU

Banja la a Mkwanda likudziwitsa abale onse, makamaka a kuchimuna a ku Nkaya amene anachoka pachiliza osatsanzika, kuti Lamlungu tikaweruka kutchalitchi akumanenso pakhomo pa mayi Martina ku Ngokwe. Mayi Mwajuma Yasini, ogulitsa nsomba zouma za ku Chiuta, apeza kachidutswa ka kanema wa ukwatiwo m'foni mwawo. Nkakafupi. Mukuoneka msana wa munthu wina, duku lofiira ndi ngodya ya tebulo, nkhope ya malemu mulibe ndi pang'ono pomwe. Koma akumveka akulimbana ndi dzina la mwana wawo, "Mo-Mo-Monica, mwa-mwanangu," anthu akuseka, iwonso akuseka, foni nkuzima. Malangizo aja sanagwidwe, ndipo apita basi. Mayi Martina atamva akuti anangokhala pansi nkunena kuti, "Eya, awa ndiye amuna anga. Bwezeraninso."

A Blasius abwera ndi jenereta ndi nsalu yoonetsera. Akuti kachidutswako anakaika pa kompyuta, anakayang'ana nthawi yaitali, ndipo sanapezepo podula. Mkamwini Mwai akakhala kumbuyo ndi amuna anzake, apongozi ake kutsogolo, monga zinalili tsikulo.

Chilengezochi chachokera kwa mayi Martina Mkwanda, mogwirizana ndi a Blasius Makwinja a pa Nsanama, amene atipempha kuti kuyambira lero tikatchula dzina lawo tizilekera pomwepo.