Utsi wa Bambo Ledesma Pangodya ya Bwalo

Malemu Bambo Evaristo Ledesma anabadwa pa 9 Ogasiti 1951 ku Añatuya. Sukulu anailekeza ali aang'ono, bambo awo atamwalira. Mu 1970 anabwera kuno ku Rosario nalowa ntchito kufakitale ya nyama. Ine mlamu wawo ndinawadziwira kusukulu ya madzulo, komwe tinkakhala benchi imodzi. Mu 1976 anakwatira mlongo wanga, Mayi Ofelia.

Fakitale itatsekedwa mu 1991, anadula mgolo pakati, naikapo waya wowotcherapo nyama, nayamba kuwotcha choripani, soseji ya m'buledi ija, pangodya ya kuseri kwa bwalo la mpira. Soseji sankaibaya ndi foloko. Ankati mafuta akathera pamakala, ndiye kuti munthu wagula buledi yekha. Wofuna yong'amba pakati ankamung'ambira, koma atamufunsa kaye ngati mano waiwala kunyumba. Zaka zonsezi mpira sanauonerepo. Zigoli ankazidziwira paphokoso.

Nonse mukudziwa kuti pangodya paja palibe mwini wolembedwa. Malo ndi a munthu amene utsi wake ukufuka tsiku la mpira. Pakangozizira, wina amaimikapo mgolo wake.

Mu Epulo chaka chino anayamba kudwala mapapo. Ali m'chipatala sankafunsa za mankhwala, ankangofunsa ngati pangodya payaka. Tinkayankha kuti payaka, ndipo silinali bodza. Bambo Celestino Barrios, amene amawotcha tsidya lina la msewu, omwe malemu ankawanena kuti amagulitsa makala m'buledi, ankawoloka kudzayatsa mgolo wa malemu. Nyama sankaikapo. Unali utsi wokha.

Malemu anatisiya Lachinayi pa 12 Juni 2025.

Lamulungu likubwerali kuli mpira. Bambo Barrios atiuza mwaulemu kuti anthu ayamba kufunsa za malowo, ndipo mgolo wopanda nyama sungasunge malo mpaka kalekale. Ifeyo monga banja sitinakambirane. Sitinathe. Koma m'mawa uno tapeza mwana woyamba wa malemu, Nélida, ali kuseri kwa nyumba akukwecha waya uja. Sitinamufunse kanthu.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, Nélida, Rubén ndi Amalia, komanso zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, anansi amene mwatigwira mkono, ndi inu Bambo Barrios chifukwa cha makala anu.

Lamulungu pangodya payaka, ndipo pawaya pakhala nyama.

Mzimu wa Bambo Evaristo Ledesma uuse mumtendere.