Oluka Nsalu Amamva ndi Maso

Pa siteji ya basi yopita ku Łódź, moyang'anana ndi fakitale ya nsalu imene inatsekedwa kalekale, mtsikana wachilendo anatembenukira kwa mayi wachikulire.

"Pepani mayi, azimayi awiri awo akungogwedeza milomo osatulutsa mawu. Akupemphera?"

"Akujeda anthu, mwanangu! Makina ankasokosa kwambiri, ndiye tonse oluka tinaphunzira kumva ndi maso."

"Ngakhale munthu ali patali?"

"Ngakhale kutsidya kwa msewu."

"Nanga mayi Wiesława a pafupi ndi tchalitchi, nawonso ankaluka? Mwana wawo akundikwatira Loweruka."

"Zaka makumi atatu, makina athu moyandikana. Bwanji?"

"Dzulo patebulo ndinanong'oneza mwana wawoyo kuti msuzi wawo unali ngati madzi otsukira mbale."

"Unaphimba pakamwa?"

"Ayi."

"Isiye basiyi ipite, thamangira kwa wogulitsa maluwa. Wiesława amakonda ofiira."