Mtengo wa Malemu Bambo

Pasiteji ya Linthipe, bambo wina wodikira minibasi analuma pichesi limene anagula kwa mayi wogulitsa zipatso, n'kuyamba kulitembenuzatembenuza.

"Mayi, mapichesi akuluakulu chonchi ndi akonkuno?"

"Ndi akuseri kwa nyumba yanga, bambo. Ndinalumikiza nthambi ya mtundu wabwino pamtengo wamakolo. Alangizi anatiphunzitsa ku Kasina."

"Ku Kasina? Inetu ndinali konko! Kadulidwe kake, kamangidwe kake, zonse ndikuzikumbukira mpaka lero."

"Ndiye mitengo yanu ikubereka bwanji?"

"Sindinayeseko. Mtengo umene ndinali nawo anaubzala ndi malemu bambo anga. Ndikangotenga mpeni, ndinkauikanso pansi. Ndinkati, nanga ukauma?"

"Ine inandiumira itatu. Apongozi ankandiseka kuti nditha mitengo yonse pamudzi. Koma pofika wachinayi, dzanja linali litaphunzira zimene mutu unkangozidziwa."

"Inu ndiye ndinu olimba mtima."

"Ayi ndithu, ndinkaopa ngati inu nomwe. Kungoti ndinkadula ndi mantha omwewo. Nanga mtengo wa malemuwo, ulipobe?"

"Unauma wokha chaka chatha, mayi. Mpeni osaukhudza n'komwe."