Diresi Limene Ndinang'amba ndi Manja Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse amene mawu angawa akufikani. Ine ndine Veronika NaMoyo wa kufupi ndi Nzama, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za nthenda imene inatsala pang'ono kupha banja langa ndili mtsikana. Nthendayo ndi nsanje. Ndikuinena poyera chifukwa ndaona kuti ambiri timaivomereza mosekerera ngati chimfine, pamene ine inandifikitsa popempherera munthu tsoka nditagwada m'tchalitchi.

Amuna anga, a Gabiriyele Ngozo, ananyamuka kupita ku Halale nthawi ya atsamunda, njala yaikulu ija itangotha. Anadutsa pa Lizulu wapansi pamodzi ndi anzawo, ine n'kutsala pachitengwa kwa apongozi, mwana wathu Rozina ali kumsana. Chaka choyamba makalata ankabwera, ndipo mphunzitsi ankandiwerengera tikatuluka m'tchalitchi. Chaka chachiwiri chili pakati, kunangoti zii.

Nkhokwe inatha, sopo anatha, nsalu yanga inayamba kuonetsa maondo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndinapita kukapempha ganyu pa kachipatala ka mishoni. Ulendo woyamba anati ntchito palibe. Wachiwiri sindinapeze munthu woyankhula naye. Wachitatu ndinakhala pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kufikira sisitere wina wamtali, woyankhula Chinyanja cha m'mphuno, anatopa nako kundiona. Anandifunsa ngati ndimadziwa kusita. Ine simbi ndinali ndisanaigwirepo chibadwire, koma ndinati eya. Atandipatsa simbi ya makala, ndinaitsekula n'kuuzira mwamphamvu ngati moto wa pamafuwa, phulusa lonse n'kugwera pansalu yoyera. Sisitere anaseka mpaka kugwira chitseko, nati bodza langa n'losavuta kuligwira, choncho atha kundikhulupirira.

Anandipatsa ntchito yochapa mabandeji Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kuweruka masana kuti ndikaone kumunda. Inali ntchito yonyansa, sindibisa. Mabandeji amafinya ndinkawawiritsa mu mgolo, kenako n'kukatsukuluza kumtsinje, ndipo amene mukudziwa chisanu cha kuno kumapiri mwezi wa Juni mukudziwa mmene zala zimaumira. Apongozi ankang'ung'udza kuti mkazi wolowoledwa ndi ng'ombe sagwira magazi a eni, koma mchere umene ndinkabwera nawo ankathira m'ndiwo osafunsa kumene wachokera.

Patapita miyezi, sisitere anayamba kundiphunzitsa singano kuti ndizipendera mabandeji ndi kuika zigamba pa nsalu za odwala. Msoko wanga poyamba unali ngati mapazi a nkhuku pamatope. Pang'onopang'ono unawongoka, ndipo kuwongoka kwakeko ndi kumene kunandinyenga. Ndinayamba kudziona katswiri. Ndinkatembenuza chovala cha munthu aliyense n'kunena kuti uyu wasoka ndi waulesi, uyu ndi wodekha, ngati kuti ulusi umandinong'oneza.

Ndiye tsiku lina kunafika phukusi lochokera ku Halale, patatha miyezi isanu ndi itatu ya chete. Munali diresi lobiriwira la maluwa ang'onoang'ono, ndi kakalata kafupi. Kanati iwo ali moyo, anachoka kukomponi kumene ankakhala, ndipo kumene ali akusamalidwa bwino. Basi. Ndinakondwa kwa nthawi yongokwanira kulitambasula diresilo. Kenako ndinalitembenuza. Silinali la m'sitolo, ndipo silinapite pa makina. Linasokedwa pamanja, msoko wosalala, waung'ono, wofanana kuyambira pakhosi mpaka m'munsi, ndipo pothera msoko uliwonse panali kamtanda ka ulusi. Ine katswiri uja ndinagamula pomwepo kuti limeneli ndi dzanja la mkazi, ndipo mkazi sataya maso ake chonchi pa mwamuna amene sakumuphikira.

Ndinalakwitsa kukaonetsa amayi anzanga kumtsinje. Wina anati akazi a ku Halale amadzola mafuta onunkhira moti mwamuna amaiwala njira ya kwawo. Wina anati mkazi mnzangayo ndi waulemu, wanditumizira chovala chopepesera. Anaseka, inenso ndinaseka nawo mano okha. Matchona tinkawadziwa tonse, amuna opita osabwerera, ndipo mudzi uliwonse unali ndi mkazi wokalambira pakhomo podikira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka munthu wina. Mkazi amene sindinamuonepo ndinamuumba ndekha m'mutu, n'kumupatsa khungu losalala, mano oyera ndi zala zazitali. Ndikapotokola bandeji ndinkaona ngati ndi khosi lake. Rozina ndinkamukalipira popanda chifukwa, chakudya sichinkatsika, ndipo sisitere atandifunsa kawiri chimene chandivuta ndinati ndi mutu. Choipitsitsa ndi ichi, abale anga, ndipo ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Lamulungu lililonse ndinkagwada n'kupempha Mulungu kuti zala zimene zinasoka diresi lija zipuwale, zisadzagwirenso singano. Ndinkapemphera ndi mtima wonse, kuposa mmene ndinapemphererapo mvula.

Nditamva kuti bambo wina wa mudzi woyandikana akubwerera ku Halale, ndinatenga diresi lija n'kuling'amba. Sindinatsate msoko ayi, ndinang'amba pakati pa nsalu penipeni, kutsogolo, kumbuyo ndi manja onse awiri. Ndinakulunga zidutswazo n'kumupatsa kuti akapereke kwa a Ngozo popanda mawu. Kenako ndinatuma uthenga kwa achimwene anga, amene anali nkhoswe yanga, kuti akonzeke kukamba zobweza ng'ombe za eni. Achimwene anandipempha kuti ndidikire mpaka tikolole. Ndinavomera monyinyirika, mtima nditatseka kale.

Patatha masabata atatu, kuchipatala kunagonekedwa bambo wina wa ku Kasinje, dzina lake a Yohane, amene anabwera kuchokera ku Halale ndi chifuwa. Lachitatu m'mawa ndikusonkhanitsa zochapa, anandipempha kuti ndiwachapireko malaya. Pachigongono panali chigamba. Ndinatembenuza mwa chizolowezi changa chija, ndipo ndinaona msoko womwe uja, ndi kamtanda ka ulusi pothera pake.

Ukali unandigwira. Ndinawafunsa kuti mkazi amene anasoka apa ndi ndani, ndipo amakhala ndi mwamuna wa yani.

A Yohane anandiyang'ana modabwa. "Mkazi uti, mayi? Wasoka apo ndi mwamuna, wa kwanu konkuno. Timamutcha Ngozo wa ndodo. Mwala unamugwera kumene ankaphwanya miyala, mwendo anaudula pa bondo. Singano anaphunzirira pabedi m'chipatala, pano amakhala pakhonde la sitolo n'kumasoka zigamba."

Ndinafunsa chifukwa chimene munthuyo sanalembere kwawo za ngoziyo. Anati anamufunsapo, ndipo anayankha kuti anasiya mkazi wamng'ono wokongola, sakufuna amve kuti mwamuna wake watsala theka asanamuonetse kuti manja akadali ndi ntchito. Anatinso panali diresi lobiriwira limene ankasoka mwezi wathunthu, kumasula ndi kubwereza, anzake n'kumamuseka kuti kodi likavalidwa ndi mkazi wa bwanamkubwa.

Ndinakhala pansi pomwepo, pakati pa mabandeji akuda. Chimene chinandifikira poyamba si chisoni cha mwendo ayi, koma mantha. Miyezi yonse ija ndinkapempha Mulungu kuti apuwalitse zala za amuna anga, zala zokhazo zimene zinawatsalira zodyera. Ndipo phukusi la zidutswa linali litapita kale, panalibe wolithamangira. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Sisitere anandipeza ndikulira, ndipo ulendo uno sindinanamizire mutu. Ndinamuuza zonse, ndi pemphero lija lomwe. Sanandikalipire. Anati tithokoze kuti Mulungu amamva mapemphero onse koma sayankha onse monga tapemphera. Anatenga pepala, ine ndikunena iye akulemba. Sindinakometse mawu. Ndinati ndinachita nsanje, ndinang'amba ntchito ya manja anu, ndamva za mwendo, bwerani kunyumba mmene mulilimo.

Kudikira kumene kunatsatira kunawawa kuposa kwa poyamba, chifukwa tsopano wolakwa ndinkamudziwa. Mwezi unatha, wachiwiri unatha, yankho osabwera. Tinakolola, achimwene anabwera kudzafunsa za ng'ombe zija, ndipo ndinawabweza ndi manyazi. Ndinkaganiza kuti mwina kalata inasochera, mwina inafika koma munthu anatopa nane, ndipo akanakhala ndi chifukwa. Pemphero langa linasanduka lalifupi kwambiri. Ndinkangoti, Ambuye, sungani zala zija.

Linali Lachisanu, ndikuyanika mabandeji pachingwe, pamene ndinaona munthu akukwera njira ya kumishoni pang'onopang'ono ndi ndodo ziwiri, kathumba kali kumsana. Anali a Ngozo, ataonda, buluku mwendo umodzi atalipinda n'kulimanga ndi chingwe. Ndinangogwada pomwe ndinalipo mpaka anafika.

Titakhala pansi pa mtengo womwe uja ndinadikirira ganyu, anandiuza mbali yawo. Zidutswa zitawapeza, iwo sanaganizeko za nsanje. Anaganiza kuti ndamva za mwendo ndipo ndikuwauza kuti sindifuna wopunduka. Masabata awiri sanagwire singano, ankangokhala pakhonde paja kuyang'ana msewu, ndipo anatsimikiza zokhala mtchona mpaka imfa. Kalata yanga inawapeza ali m'maganizo amenewo.

"NaMoyo," anatero, "ine ndinabisa mwendo, inu munabisa mtima. Tonse tinapusa, koma inu munapusa mwaphokoso."

Ndinaseka ndikulira. Kenako anamasula kathumba kaja n'kutulutsa diresi lobiriwira. Anali atalumikiza chidutswa chilichonse. Mizere ya msoko inkaoneka kutsogolo, kumbuyo ndi m'manja, paliponse pamene ndinang'amba, ndipo pothera mzere uliwonse panali kamtanda kaja. Anati nsalu yong'ambika pakati sibisika, angayese bwanji, ndiye ndisankhe ndekha kuvala kapena kusunga m'bokosi.

Ndinalivala Lamulungu lotsatira, ndipo amayi a kumtsinje aja analiona bwino lomwe. Sindikunamizani kuti zonse zinasalala. Amuna anga sanalimenso, ululu wa mwendo unkawadzutsa ukali masiku ena, ndipo apongozi anamwalira asanandikhululukire kwenikweni. Ine nsanje sinathere tsiku limodzi. Iwo atayamba kusoka pakhonde pathu, akazi ankabwera kudzayesedwa, ndipo ndinkamva kanthu kakutukutira m'chifuwa. Koma ndinali nditaphunzira kufunsa ndi pakamwa ndisanaweruze ndi mtima. Ganyu yanga ya masiku atatu ija ndinaigwira zaka zambiri, ndipo zigamba zovuta za kuchipatala ndinkapita nazo kunyumba kwa katswiri weniweni.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa ntchito yonyansa ija, pakuti ndikanapanda kuchapa zovala za odwala, malaya a a Yohane sakanafika m'manja mwanga. Ndikumuthokoza koposa chifukwa anakana pemphero langa. Inu amene amuna kapena akazi anu ali kutali, ndikudziwa mmene chete amalumira, ndipo sindikuuzani kuti aliyense wakutali ndi wokhulupirika. Koma musaumbe mdani m'mutu mwanu n'kuyamba kumuphikira. Funsani, dikirani yankho, ndipo mukagwada samalani chimene mukupempha, chifukwa simudziwa mwini wa zala zimene mukutemberera.

A Ngozo anatsogola zaka zapitazo, zala zawo zili zamphumphu mpaka tsiku lomaliza. Diresi lija lilipo, lasuluka ndipo silindikwananso bwino, koma palibe msoko wawo ndi umodzi womwe umene unamasuka. Rozina ndinamuuza kale kuti tsiku langa likadzafika asadzavutike kugula nsalu yatsopano. Adzandiveke lomwelo, mizere yake ili kunja.