Nangumi Amene Ndinamukana

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse, landirani moni m'dzina la Ambuye wathu. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma umboni wanga lero si wa mapepala, si wa ntchito, si wa matenda. Ndi wa nsanje. Ee, mwamva bwino, nsanje. Ine yemwe ndimayima patsogolo m'kwaya muno.

Ambiri mukudziwa kuti ndinabwera ku Glasgow kudzaphunzira za zamoyo za m'madzi. Nyengo yotentha ikafika, ngati kuno kumatenthadi, timakwera sitima ya kafukufuku kupita kunyanja yaikulu, kuseri kwa zilumba zakumadzulo uko, masabata atatu osaponda mtunda. Ntchito yake ndi kuwerenga anangumi, madolifini ndi mbalame za m'nyanja. Timayima pamwamba pa sitima anthu atatu. Wina amayang'ana kumanja, wina kumanzere, wachitatu amalemba pa laputopu chilichonse chimene anzake aona. Likatha ola timasinthana.

Mtsikana wakhala apoyo, Tadala, ndinakamulandira ndine ku eyapoti. Anagona pa sofa panga ku Govanhill miyezi iwiri. Jekete yake yoyamba inali yanga. Kwa abwana athu a kafukufuku, mayi wina wa konkuno, dzina lake ndinalipereka ndine. Ndinati, "Mutengeni, ndi mng'ono wanga." Ndine, abale. Palibe anandikakamiza.

Titangolowa m'madzi akuya, ine wa ulendo wachiwiri ndinayamba kusanza. Masiku atatu mutu uli m'ndowa. Tadala, wa ulendo woyamba, akudya bwinobwino, mpaka kuwonjezera. Ndiye maso ake! Ine ndikuona mafunde okhaokha, iye wafuula kale, "Madolifini kumanja, asanu ndi awiri!" Mbalame zina zoyera zimene zimagwa kuchokera m'mwamba ngati mkondo, iye kungoponya diso waziwerenga kale. Abwana nkumati, "Tadala, maso amenewa unawatenga kuti?" Pa tebulo nkhani Tadala. Pa tiyi nkhani Tadala. Ine ndinkaseka nawo, koma ndi mano okha. Mumtima ndinkati, mwana ameneyu basi ya ku yunivesite ndinamuphunzitsa kukwera ndine, lero ndiye wasanduka katswiri?

Kenaka abwana anatiuza kuti chaka chamawa malo a wophunzira pa sitima adzakhala amodzi okha. Amayi, mukuidziwa mbaula ikagwira makala? Chifuwa changa chinatero.

Tsiku lina m'mawa, cha m'ma teni, nyanja ili bata. Abwana anali atatsikira pansi. Mnzathu wachitatu maso ali kumanzere, Tadala kumanja, ine pa laputopu. Ndinangomva, "Achemwali, nangumi! Taonani!"

Ndinadzutsa mutu, ndipo ndinaona. Pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu, ndinaona. Mpweya wake unakwera tolotolo ngati mtengo wa bulugamu. Kenaka msana unatuluka, nkumadutsa, nkumadutsa, osatha, kachipsepse kakang'ono kali kumapeto kwenikweni. Anali nangumi wamkulu kuposa onse, uja wabuluu. Alipo anthu akalambira pa sitima osamuonapo. Tadala asanajambule ndi kamera, chinyama chija nkumira.

Lamulo lathu ndi lakuti chinthu chosowa chotere, ngati palibe chithunzi, pamafunika munthu wachiwiri wovomereza. Abwana anakwera akuthamanga, nkundifunsa, "Nawenso wamuona?"

Ine ndinati, "Ayi. Ndangoona funde."

Tadala anandiyang'ana. Ine ndinaweramira pa laputopu nkulemba kuti sizikudziwika. Ndipo ndisakunamizeni, panthawi imeneyo ndinamva kukoma. Mtima unazizira ngati ndamwa madzi.

Kuyambira tsiku limenelo mwanayu anasiya kufuula. Akaona kanthu ankadikira, kuyang'ananso, kuyang'ananso, mpaka chinthucho chapita. Abwana anayamba kumudzudzula kuti akuchedwa. Masana ena mutu ukundizungulira, Tadala anandibweretsera tiyi wa jinja, nkukhala pambali panga. Anati, "Achemwali, mwina maso anga anandinamiza tsiku lija. Pepani, ndinakuchititsani manyazi, inu amene munandibweretsa kuno."

Akupepesa iye! Mukuganiza kuti ndinaulula? Ndinamwa tiyiyo mpaka kumaliza, nkumuuza kuti, "Usadandaule, aliyense amalakwitsa."

Titabwerera kumtunda, imelo inabwera. Malo aja anapatsa ine. Tadala anandikumbatira pa khomo la tchalitchi lino, anandigulira ndi maluwa. Koma abale, ngakhale nditapambana, nsanje sinachoke. Akayimba bwino m'kwaya, zinkandiwawa. Amayi ena akamuyamikira chitenje, zinkandiwawa. Ndinamulanda malo, koma ndinkafunanso mawu ake, nkhope yake, mpaka kuseka kwake.

Linafika Lamulungu la mgonero. Mbale ya mkate inayenda mzere wathu, inadutsa m'manja mwa Tadala, iye nkundipatsira ine. Dzanja langa linakana. Ndinayesa, linakana. Ndinatuluka, ndinakayima panja mvula ikundivumba, ndikulira ngati pamaliro. Amayi busa ananditsatira, ndipo ndinawafotokozera zonse. Sanandinyengerere. Anati, "Mwanawe, Mulungu wamva. Koma amene unawanamiza sanamve. Pita."

Lolemba ndinagogoda pa ofesi ya abwana. Ndinati, "Nangumi uja ndinamuona. Ndinanama chifukwa cha nsanje." Abwana anati, "Ntchito yathu yonse yagona pa mawu a munthu amene wayima pamwamba paja. Ndikapanda kukhulupirira mawu ako, ndikutengerenji?" Anakonza zolemba zija, dzina la Tadala nkulowa pamalo pake. Malo a pa sitima anandilanda.

Kwa Tadala ndiko kunali kovuta. Ndinapita ku Springburn kumene akukhala tsopano, ndinagwada pa kapeti. Anandifunsa funso limodzi: "Ndiye tsiku ndinkapepesa lija, munkadziwa?" Ndinati ee. Ananditsegulira chitseko kuti ndizipita. Mwezi wathunthu foni yanga osayankha. Muno ankakhala mbali ina, ine mbali ina, ndipo ena mwa inu munazindikira.

Sabata yathayi anabwera yekha kunyumba. Anati, "Achemwali, mtima ukuwawabe, koma ndatopa kukusungirani. Ndakukhululukirani." Ndipo ndi iyeyo wandilola kuti ndinene zimenezi pamaso panu.

Mwezi wamawa sitima ikunyamuka, ndipo wokwera ndi Tadala. Ine nditsala. Dzulo anandionetsa nsapato zake zatsopano za pa sitima, ndipo kanthu kaja kanandilumanso pang'ono m'chifuwamu. Koma ulendo uno sindinakabise. Ndinamuuza pomwepo kuti, "Iwe, zandiwawatu." Tinaseka, kenaka tinagwirana manja nkupemphera. Kale ndikanamwetulira nkupita nako kunyumba kukakalera.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaumitsa dzanja langa tsiku lija, osandilola kudya ndi bodza m'kamwa. Ndikuthokoza amayi busa chifukwa cha mawu awo olimba. Tadala, mng'ono wanga, tayimirira akuone. Pita ukaone zonse zimene Mulungu anaika m'nyanjamo, ukafuule mokweza, usakadikire munthu.

Abale, malo ndinataya, koma lero mgonero ndidya. Imirirani mukondwere nane. Amayi, kanthungululu kamveke! Aleluya!